Msonkho Ukatsika, Amalipira Ndani? Zimene Zidachitika m'Nyumba ya Malamulo ya ku Kansas



Popitiriza kulingalira kwathu za kayendetsedwe kabwino ka boma, lero tikambirana za msonkho, ndipo tichita zimenezi pokufotokozerani zimene zidachitika m'chigawo cha Kansas, m'dziko la America, kuyambira chaka cha 2012 kufikira 2025. Nkhani yakutaliyi tayisankha mwadala. Nkhani ya msonkho ikakhala yakwathu kuno, ambiri timayamba tafunsa kuti wolankhulayo ndi wa chipani chiti, ndipo makutu amatsekeka mawu asanathe. Ku Kansas tilibeko chipani, tilibeko mbale wathu wofuna mpando, motero tingathe kuona modekha momwe aphungu amakanganira za msonkho ndi kukwera mtengo kwa zinthu, komanso amene amasenza katundu mkanganowo ukatha.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, Nyumba ya Malamulo yake ndi misonkho yake, kuwonjezera pa misonkho ya boma lalikulu la ku Washington. Kansas ali pakatikati pa dzikolo. Ndi dera la tirigu ndi ng'ombe, anthu ake ndi pafupifupi 3 miliyoni, ndipo likulu lake ndi Topeka. Nyumba yake ya Malamulo ili pawiri: Nyumba ya Oimira Anthu ya aphungu 125, ndi Seneti ya aphungu 40. Kwa zaka zambiri chipani cha Republican ndicho chakhala ndi mipando yochuluka m'nyumba zonse ziwiri, pamene chipani cha Democratic chimakhala ndi mipando yochepa. Mfundo ina yofunika kuisunga ndi iyi: malamulo salola boma la chigawochi kuyendetsa ntchito zake za chaka ndi chaka ndi ndalama zimene lilibe. Zolowa zikachepa, liyenera kudula ntchito, kukweza msonkho, kapena kutapa m'thumba lina. Ndipo pafupifupi theka la thumba lalikulu la boma limapita ku masukulu a pulayimale ndi sekondale.

Ndalama zambiri za thumba limeneli zimachokera ku misonkho iwiri. Woyamba ndi msonkho wa pa ndalama zimene munthu wapeza, kaya ndi malipiro kaya ndi phindu la bizinesi. Wachiwiri ndi msonkho wa pa zogula, umene tingaufanizire ndi VAT imene timaiona pa lisiti tikagula katundu m'sitolo. Misonkho iwiriyi sigwa pa anthu mofanana, ndipo nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

Bambo Sam Brownback, wa chipani cha Republican, adayamba ntchito ya ubwanamkubwa mu Januwale 2011. Ndi Mkatolika mnzathu, amene adalowa mu Mpingo m'chaka cha 2002, ndipo tilibe chifukwa chokayikira kuti ankakhulupirira ndi mtima wonse zimene ankalalika. Chiphunzitso chake chidali chakuti boma likatsitsa kwambiri msonkho wa pa ndalama zopeza, eni mabizinesi adzatsala ndi ndalama zambiri, adzakuza mabizinesi awo, adzalemba anthu ambiri ntchito, ndipo pamapeto pake chuma chidzakula mpaka kubwezera boma zimene lidataya. Mmodzi mwa alangizi ake adali katswiri wa zachuma Arthur Laffer, amene adatchuka ndi maganizo omwewa m'nthawi ya Pulezidenti Ronald Reagan. A Brownback adafanizira ndondomeko yawo ndi jakisoni wodzutsa mtima wa wodwala, ndipo pa wailesi ya kanema adaitchula poyera kuti ndi kuyesera. Tikumbukire kuti choyeserapocho chidali miyoyo ya anthu pafupifupi 3 miliyoni.

Momwe lamuloli lidadutsira m'chaka cha 2012 ndi phunziro palokha. Chilungamo chitikakamiza kunena kuti bwanamkubwayo poyamba adabweretsa ndondomeko yokhala ndi njira zina zotsekera dzenje: ankafuna kuchotsa zochotsera msonkho zingapo zimene anthu adazizolowera, ndiponso kusunga msonkho wa pa zogula pamlingo wokwera. Koma aphungu, monga aphungu kulikonse, adakonda mbali yotsekemera nakana yowawa. Seneti, imene pa nthawiyo inkatsogozedwa ndi a Republican osatengeka kwambiri ndi chiphunzitsochi, idadutsa bilu yotsitsa msonkho yopanda zotsekera dzenje zija. Mtsogoleri wa Seneti, a Steve Morris, adafotokoza pambuyo pake kuti adachita zimenezi pokhulupirira kuti biluyo idali poyambira chabe zokambirana ndi nyumba inayo, osati lamulo lenileni. Koma Nyumba ya Oimira Anthu idangoivomereza momwe idalili, ndipo mu Meyi 2012 bwanamkubwa adaisaina. Choncho lamulo lokhudza chuma cha chigawo chonse lidabadwa mwa kuchenjererana kwa magulu awiri a m'chipani chimodzi. Patangopita miyezi itatu, pa zisankho za chipulula za mu Ogasiti, a Morris ndi anzawo angapo amene ankakayikira ndondomekoyi adagonjetsedwa ndi anthu a m'chipani chawo chomwe. Phungu aliyense wotsala adamva uthengawo popanda womuuza.

Tsono lamulolo lidati chiyani? Opeza ndalama zambiri, amene ankalipira 6.45 peresenti, adatsitsiridwa pa 4.9. Opeza zochepa, amene ankalipira 3.5 peresenti, adatsitsiridwa pa 3. Pamsonkhano wandale munthu akadatha kuimirira ndi kunena kuti aliyense watsitsiridwa msonkho, ndipo sakadanama. Koma wina adachotseredwa kupitirira peresenti imodzi ndi theka pa ndalama zambiri, wina theka la peresenti pa ndalama zochepa. Chachikulu koposa chidali chakuti eni mabizinesi a mtundu umene phindu lake limawerengedwa ngati ndalama za mwini wake adamasulidwa kotheratu: pa phindu limenelo sankalipiranso msonkho wa chigawo ngakhale senti imodzi. Akuluakulu ankayembekeza kuti opindula adzakhala pafupifupi 190,000, koma adapitirira 300,000. Zidafika poti loya mwini ofesi sankalipira kanthu pa phindu lake, pamene mlembi wake wolandira malipiro a pamwezi ankadulidwa msonkho monga kale. Dokotala mwini chipatala adamasulidwa, namwino wake ayi.

Pali chiganizo china m'lamulo lomwelo chimene sichinkatchulidwa pamisonkhano, ndipo tikupemphani muchimvetsere bwino. Kansas adali mmodzi mwa zigawo zochepa zimene zinkadula msonkho wathunthu wa pa zogula ngakhale pa chakudya: buledi, mkaka, mazira, nyemba. Pozindikira kuti zimenezi zimapweteka osauka, boma lidali ndi dongosolo lobwezera kangachepe kwa mabanja osauka okhala ndi ana, kwa okalamba ndi kwa olumala. Lamulo la 2012 lidachotsa dongosolo limeneli. Lidachotsanso thandizo limene osauka okhala m'nyumba za lendi ankalandira. Chaka chotsatira aphungu adabwezeretsa thandizo la chakudya lija, koma mwa mtundu wina: lidasanduka chochotsera pa msonkho wa ndalama zopeza. Tanthauzo lake n'lakuti amene ali wosauka kwambiri, wopanda msonkho woti achotserepo, sadalandire kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zotsatira sizidachedwe. M'chaka choyamba chathunthu ndalama za msonkho wa pa zopeza zidatsika ndi madola pafupifupi 700 miliyoni. Ntchito zolonjezedwa zija sizidaoneke pamlingo umene udanenedwa. Chuma cha Kansas chidakula pang'onopang'ono kusiyana ndi cha dziko lonse. Oikira kumbuyo ndondomekoyi adati chifukwa chake chidali kugwa kwa mitengo ya mbewu ndi mafuta, ndiponso kufooka kwa makampani opanga ndege a mumzinda wa Wichita. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, pakuti mitengoyo idagwadi. Koma boma lanzeru limadziwa kuti zaka za njala zimabwera, ndipo siligwetsa nkhokwe podalira kuti mvula idzagwa bwino chaka chilichonse. M'chaka cha 2014 mabungwe a Moody's ndi Standard & Poor's, amene amayeza kudalirika kwa boma pobweza ngongole, adatsitsa Kansas pamndandanda wawo. Mu Novembala chaka chomwecho a Brownback adapambananso chisankho, mwa mavoti ochepa, pogonjetsa a Paul Davis. Pasanathe sabata, akatswiri owerengera ndalama za boma adalengeza kuti bajeti ya chaka chimenecho idali yoperewera ndi madola pafupifupi 280 miliyoni.

Apa boma lidayamba kutapa m'matumba ena. Lidatenga madola opitirira biliyoni imodzi m'thumba lokonzera misewu, kufikira anthu adayamba kuitchula nthambi ya zamisewu kuti banki. Lidachedwetsa ndalama zopita ku thumba la penshoni la aphunzitsi ndi antchito ena a boma. Lidadula ndalama za mayunivesite, ndipo fizi idakwera. M'chaka cha 2015 masukulu a m'madera ena adatseka chaka masiku asanakwane chifukwa ndalama zidatha. Khoti Lalikulu la chigawochi, pa mlandu wotchedwa Gannon, lidagamula mu 2014 kuti ndalama za masukulu sizinkagawidwa mwachilungamo pakati pa madera olemera ndi osauka, ndipo mu Marichi 2017 lidagamulanso kuti ndalamazo zidali zosakwanira. Palibe pa zonsezi chimene chimatchedwa msonkho. Koma kholo lolipira fizi yokwera, mlimi woyenda pa msewu wokumbika ndi mphunzitsi wodera nkhawa penshoni yake onse ankalipira, kungoti sankapatsidwa lisiti.

Chaka cha 2015 ndicho chimene tifuna tiimepo pang'ono. Nyumba ya Malamulo ya ku Kansas imayenera kukumana masiku 90 pa chaka. Chaka chimenecho idakumana masiku opitirira 110, chifukwa aphungu adalephera kugwirizana za momwe angatsekere dzenje. Njira yoonekeratu idali kubwezera msonkho kwa eni mabizinesi aja, koma bwanamkubwa adachenjeza kuti bilu yotero sadzaisaina. A Democratic adati dzenjelo sadakumbe ndi iwo, ndipo sadzavota kuti osauka alikwirire. A Republican ambiri adali atalonjeza anthu awo kuti sadzakweza msonkho uliwonse. Atakangana usiku wonse mpaka mbandakucha, adagwirizana kukweza msonkho wa pa zogula kuchoka pa 6.15 kufika pa 6.5 peresenti, ndi kuwonjezera msonkho wa fodya. Tikumbuke kuti msonkho umenewu, malinga ndi lamulo lakale, udayenera kutsika kufika pa 5.7 peresenti mu 2013. M'malo motsika kufika pamenepo udakwera, ndipo udakwera pamodzi ndi mtengo wa buledi ndi mkaka. Mizinda ndi maboma aang'ono amawonjezeranso wawo pamwamba pake, kotero kuti m'malo ena wogula chakudya ankalipira kupitirira 9 peresenti.

Wina angafunse: nanga cholakwika n'chiyani, popeza aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, amalipira 6.5 peresenti yomweyo pa kauntala? Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza. Banja lina limapeza madola 2,000 pa mwezi, ndipo 500 mwa amenewa limagulira chakudya. Msonkho wake ndi madola 32 ndi theka, kumene kuli kupitirira peresenti imodzi ndi theka ya zonse zimene lapeza. Banja lina limapeza madola 20,000 pa mwezi. Ngakhale lidye bwino chotani, silingadye kuchulukitsa kakhumi, pakuti mimba ili ndi malire. Tinene kuti limagula chakudya cha madola 1,500. Msonkho wake ndi madola 97 ndi theka, kumene sikufika ngakhale theka la peresenti ya zimene lapeza. Mlingo ndi umodzi, koma kulemera kwa katundu n'kosiyana kupitirira katatu. Wosauka amawononga pafupifupi zonse zimene wapeza, motero msonkho wa pa zogula umamupeza pa ndalama iliyonse. Wolemera amasunga zambiri, ndipo zosungidwazo msonkhowu suzikhudza. Maepiskopi a ku America, m'kalata yawo ya 1986 yotchedwa Economic Justice for All, adaphunzitsa kuti msonkho uyenera kutsata mphamvu ya munthu yolipirira, ndipo adachenjeza kuti misonkho ya pa zogula imalemera kwambiri pa anthu opeza zochepa. Zimene zidachitika ku Topeka mu 2015 zidayenda motsutsana ndi chiphunzitso chimenechi.

N'chifukwa chake tikuti, pamene mukukambirana m'miphakati yanu, musalole kuti funso likhale lakuti msonkho ukwere kapena utsike. Funso lotero limagawa anthu m'magulu awiri oimbirana nyimbo, ndipo siliunikira kanthu. Funsani kuti ukutsika ndi msonkho uti, ndipo ukutsikira yani. Funsani kuti dzenje lotsalalo adzalikwirira ndani. Sitikunena kuti kutsitsa msonkho ndi tchimo, kapena kuti boma lotolera zambiri ndilo lolungama. Boma lingatolere zambiri n'kuzimwaza, ndipo wochita bizinesi wolemedwa ndi misonkho ali ndi dandaulo loyenera kumvedwa. Chimene tikukana ndi kulonjeza anthu mpumulo masana, n'kuwasenzetsa katundu yemweyo usiku kudzera pakhomo lina.

Kusintha kudachokera kumene ambiri sankayembekeza. Pa zisankho za 2016, makolo, aphunzitsi ndi alimi a m'chipani cha Republican chomwecho adachotsa aphungu ambiri otsatira bwanamkubwa pa zisankho za chipulula, ndipo mu Novembala a Democratic nawo adawonjezera mipando. Mu Febuluwale 2017 nyumba zonse ziwiri zidadutsa bilu yobwezeretsa misonkho. A Brownback adakana kuisaina. Kuti bilu ikhale lamulo bwanamkubwa atakana, pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse, ndiye kuti mavoti 84 ndi 27. Nyumba ya Oimira Anthu idapeza 85, koma Seneti idapeza 24 okha. Mkangano udapitirira miyezi ina inayi, dzenje la zaka ziwiri likuyandikira madola 900 miliyoni. Pa 6 Juni 2017 adayesanso. Seneti idavota 27 kwa 13, osapitirira ngakhale voti imodzi pa mlingo wofunika, ndipo nyumba inayo idavota 88 kwa 31. Eni mabizinesi aja adayambanso kulipira, ndipo msonkho wa opeza zambiri udakwera kufika pa 5.7 peresenti. A Democratic paokha sakadatha kuchita zimenezi. Padafunika a Republican ambiri ovomera kutsutsa bwanamkubwa wa chipani chawo, ena mwa iwo atavotera lamulo lomwelo zaka zisanu zapitazo. Ife tikuona kuti aphungu amenewa adachita chinthu chovuta ndi choyenera ulemu. Mu Januwale 2018 a Brownback adatula pansi udindo napita kukakhala kazembe wa America woona za ufulu wa chipembedzo.

Koma taonani chimene chidatsala. Msonkho wa olemera udakonzedwa, koma wa pa chakudya udakhalabe pa 6.5 peresenti. Ndipo apa sitingaloze chala chipani chimodzi. Mayi Laura Kelly, a Democratic, adapambana ubwanamkubwa mu 2018, ndipo iwo ndi a Republican onse ankavomereza kuti msonkho wa pa chakudya ndi wolemetsa. Mu 2019 aphungu a Republican adadutsa bilu yotsitsa msonkhowu pang'ono, koma adaimangirira pamodzi ndi kutsitsira msonkho makampani aakulu. Mayi Kelly adakana kusaina, poopa kubwerera ku dzenje lakale. Mbali iliyonse idapeza chonenera inzake: awa adati bwanamkubwa wakana kutsitsa mtengo wa chakudya, awo adati aphungu abisa mphatso ya olemera m'thumba la osauka. Onse adali ndi mfundo, koma mayi wogula mkaka adapitiriza kulipira.

M'chaka cha 2022, mitengo ya zinthu itakwera kwambiri m'dziko lonse la America ndipo thumba la Kansas lili ndi ndalama zotsala, nkhaniyi idabweranso. Chidali chaka cha chisankho. Mayi Kelly ankafuna kuti msonkhowo uthe wonse kuyambira Julayi chaka chomwecho. Wopikisana nawo, a Derek Schmidt a Republican, nawonso ankanena kuti utsike. Nyumba ya Malamulo idadutsa lamulo mogwirizana pafupifupi onse, koma lotsitsa pang'onopang'ono: 4 peresenti kuyambira Januwale 2023, 2 peresenti mu 2024, ndi kutheratu pa 1 Januwale 2025. Amene adakonza choncho adati n'kusamala, kuti boma lisatayenso ndalama zambiri nthawi imodzi, ndipo pokumbukira za 2012 mawuwa ali ndi nzeru. Komabe anthu sadalephere kuona kuti tsiku loyamba la mpumulo lidaikidwa chisankho cha Novembala chitadutsa, pamene bwanamkubwa sakadathanso kudzitamandira nalo pa kampeni. Tiyerekeze zinthu ziwirizi. Kumasula eni mabizinesi kudatheka ndi lamulo limodzi, ndipo kudayamba kugwira ntchito kwathunthu patangopita miyezi isanu ndi iwiri. Kumasula mbale ya chakudya kudadikira mpaka 2025, patatha zaka pafupifupi khumi chikwerereni pa 6.5 peresenti. Ndipo ngakhale pamenepo udatha ndi msonkho wa chigawo wokha, pakuti lamulolo silidakhudze umene mizinda ndi maboma aang'ono amadula pa chakudya.

Mkangano wa msonkho wa pa zopeza nawo sudagone. Mu 2023 ndi 2024 aphungu a Republican adayesa kukhazikitsa mlingo umodzi wa aliyense, wolemera ndi wosauka, ndipo Mayi Kelly adakana kusaina. Mu Juni 2024, pa msonkhano wapadera wa Nyumba ya Malamulo, mbali ziwirizi zidagwirizana za milingo iwiri, 5.2 ndi 5.58 peresenti, ndiponso kuti ndalama zimene okalamba amalandira za Social Security zisamadulidwe msonkho wa chigawo. Chaka chotsatira, mu Epulo 2025, aphungu adapeza mavoti okwanira kupambana kukana kwa bwanamkubwa, nakhazikitsa lamulo lakuti ndalama za msonkho zikamapitirira mlingo woikika, msonkho wa pa zopeza uzitsika pang'onopang'ono kulowera ku 4 peresenti. Ulendo uno adaikapo lamba: kutsikako kumadalira kuti ndalamazo zioneke kaye, ndiponso kuti nkhokwe ya boma yosungira masiku ovuta ikhale ndi zokwanira. Lamulo la 2012 lidalibe lamba wotere.